Khirisimasi m'Banja la Msodzi: Phunziro la ku Mbenji



Lero ndi Lamulungu lachitatu la nyengo ya Adiventi, limene Eklezia amalitcha Lamulungu la chimwemwe, popeza tsiku la kubadwa kwa Mpulumutsi layandikira. Ndikudziwa kuti mitima ya ambiri ili kale ku Betelehemu, ndipo ya ena ili kale kumsika. Koma ine ndikupemphani kuti tiyambe takwera bwato, tipite ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, chifukwa kumeneko kuli phunziro limene mabanja athu akulisowa pa nyengo ino. Ine sindine msodzi, ndipo bwato likayamba kugwedezeka dzanja langa limathamangira ku kolona. Chotero asodzi mundikhululukire ngati ndilankhula za ntchito yanu monga mlendo.

Munthu akaima pa dooko la Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, amachiona chilumbacho chili phee pakati pa madzi. Kuyambira mwezi wa Epulo chimasanduka mudzi. Asodzi ochokera mbali zosiyanasiyana za nyanja amamanga misasa, amayanika utaka pa matandala, ndipo mabwato a chilimira amapita ku zirundu, miyala ija ya pansi pa madzi imene utaka umakonda kusonkhanapo. Koma mwezi wa Disembala ukafika, mfumu pamodzi ndi nduna zake ndi komiti ya asodzi amachita mwambo wotseka chilumba. Aliyense amapakira katundu wake m'bwato nabwerera kumtunda, ndipo palibe wololedwa kuponya ukonde m'madzi ozungulira chilumbacho kufikira mwezi wa Epulo, pamene anthu amasonkhananso pa mwambo wotsegulira.

Mwambo umenewu si wa dzulo ai. Unakhazikika m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland, pamene asodzi ena ochokera ku Likoma anadzapempha malo kwa mfumu kuti azipha utaka kumeneko. Mfumu inawalandira monga alendo, koma inaika malamulo. Nthawi ya dzinja nyanja imaopsa ndi mphepo ndi mphenzi, minda kumtunda imafuna manja a amuna, ndipo nsomba nazo zimafuna mpata woti ziswane ndi kukula. Pa miyezi imene chilumba chili chotsegula, mowa suloledwa kumeneko, chamba sichiloledwa, njuga siloledwa, ndipo akazi sapitako. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Boma linadzakhazikitsa lamulo lopatsa anthu a m'midzi mbali pa kasamalidwe ka nsomba m'chaka cha 1997, pamene a ku Mbenji anali atachita kale zimenezo pafupifupi zaka 40. Ndipo m'zaka zaposachedwapa akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, pamodzi ndi anzao a ku Strathclyde ku Scotland, atayeza nsomba anapeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi waukulu ndi wonenepa kuposa wa m'madooko ena amene anayerekeza nawo. Nyanja ikapatsidwa nthawi yopuma, imabweza.

Tsono taonani momwe kalendala ya mfumu ndi kalendala ya Eklezia zagwirizanirana popanda kupangana. Chilumba chimatsekedwa m'nyengo ya Adiventi, ndipo chimatsegulidwa pafupi ndi Pasaka, amene amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. M'kati mwa miyezi 4 imeneyi muli Khirisimasi, muli chaka cha Banja Loyera, muli Chaka Chatsopano, muli Lachitatu la Phulusa ndi Lenti. Kwa banja la msodzi, iyi ndiyo miyezi imene bambo amagona pakhomo usiku uliwonse. Funso langa lero ndi ili: bambo uja akatsika m'bwato, ndalama za miyezi 8 zili m'thumba, mapazi ake amaloza kuti?

Chaka china, mwezi wa Febuluwale, kunabwera mai wina ku nyumba ya ansembe pa parishi ina ya m'mbali mwa nyanja. Sanabwere kudzapempha ufa, ngakhale maonekedwe a mwana amene anali kumbuyo anaonetsa kuti ufa unatha kale. Anabwera kudzafunsa ngati ndi tchimo kulakalaka kuti chilumba chisamatsekedwe. Ndinadabwa, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti amuna ake akakhala kuchilumba amatumiza ndalama ndi nsomba, samwa, ndipo pakhomo pamakhala mtendere. Koma akabwera mu Disembala amafikira kumowa asanaone ana. Chaka chimenecho anagula wailesi yaikulu ndi nsapato, anamwetsa anzao masiku atatu, ndipo pofika Chaka Chatsopano wailesi ija inali itagulitsidwa pa theka la mtengo wake. Chimanga kumunda chinachita chikasu chifukwa chosowa feteleza wachiwiri. Mai uja sanalire ai. Anangolankhula motsitsa mau, ngati munthu amene akuwerenga katundu wotayika.

Abale anga, ganizani bwino za chimenechi. Munthu yemweyo, mutu womwewo, pakhosi pomwepo, anatha miyezi 8 osalawa dontho la mowa. Choncho asatinamize kuti sangathe. Kuchilumba amatha chifukwa kuli maso a komiti ndi mantha a kuthamangitsidwa. Pakhomo palibe komiti, palibe nduna ya mfumu, pali mkazi ndi ana okha, ndipo iwo sangamulipitse. Kodi n'kutheka kuti Mkhristu aziopa chindapusa kuposa momwe amalemekezera sakramenti la ukwati limene analandira pamaso pa guwa? Lamulo la kuchilumba limagwira munthu kuchokera kunja. Chimene Mwana wa ku Betelehemu anabweretsa ndi lamulo lolembedwa m'kati, limene limagwira ntchito ngakhale pamene palibe wokuona. Ndipo amene simupha nsomba musatambasule miyendo n'kumati ulaliki wa lero ndi wa anthu a kunyanja. Mlimi wa thonje, mlimi wa fodya, mphunzitsi amene walandira malipiro a Disembala msanga, mnyamata amene watsika basi kuchokera ku Johannesburg ndi chikwama chachikulu, nonsenu muli m'bwato lomweli.

Malembo Oyera amadziwa nzeru imene mfumu ija inaona. M'buku la Levitiko, mutu 25, Aisraele analamulidwa kuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse asalime minda yao, nthaka ipume, ndipo zomera zokha zikhale chakudya cha mwini munda, antchito ake, alendo ndi nyama zomwe. Papa Francis anakumbutsa za lamulo limeneli m'kalata yake ya Laudato si' ya m'chaka cha 2015, ndipo m'kalata yomweyo anapempha kuti anthu a m'midzi amene asunga malo ao kuyambira kale azimvedwa. Papa John Paul II, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, analemba mu 1998 kalata yonse yonena za tsiku la Lamulungu, naphunzitsa kuti kupuma kwa Mkhristu si ulesi, koma ndi nthawi ya Mulungu, ya banja ndi ya osauka. Chilumba chikatsekedwa utaka sukhala chabe; umaswana, umakula. Nanga banja lanu, pa miyezi imene ukonde wapachikidwa, likukula kapena likuonda?

Tiyambe ndi ndalama, popeza mikangano yambiri ya Khirisimasi imayambira pamenepo. Ndalama ya nsomba ili ngati nsomba yomwe: ikangotuluka m'madzi imayamba kuonongeka ngati suiyanika msanga. Kuyanika ndalama ndiko kukhala pansi ndi akazi anu usiku woyamba, ana atagona, n'kuitulutsa yonse, yonse ndithu, osati ina itabisidwa m'sokosi. Muyambe mwapatula ya feteleza ndi ya aganyu opalira, chifukwa chimanga sichidziwa kuti kuli chikondwerero. Mupatule ya makope ndi yunifolomu, popeza sukulu zimatsegulidwanso mu Januwale. Mupatule yokonzera ukonde ndi bwato, kuti mu Epulo musakagwade kwa wakatapila amene adzadya nsomba zanu musanaziphe. Musiye kena kake ka matenda, chifukwa malungo amakonda dzinja. Imene yatsala ndiyo ya Khirisimasi, ndipo imeneyo muidye ndi mtima woyera, popanda kudziimba mlandu. Ambiri timachita mozondoka: timayamba ndi Khirisimasi, ndipo munda umalandira zotsala. Makolo anati chakudza sichiimba ng'oma, koma njala ya Febuluwale imaimba ng'oma chaka ndi chaka, ndife tokha timatseka makutu. Mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 ng'amba inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene munapyola m'zaka zimenezo simufunika wansembe kuti akuuzeni mtengo wa thumba la chimanga.

Amai, nanunso ndili ndi mau. Ngati muli m'gulu la banki mkhonde ndipo mwagawana ndalama za pachaka, zionetseni pamphasa pomwepo. Chinsinsi cha ndalama chimaononga banja kaya chili m'sokosi ya bambo kaya chili pamfundo ya chitenje.

Za zovala ndilankhula mosamala, chifukwa ndimakumbukira chimwemwe cha mwana amene wavala malaya atsopano pa Khirisimasi, akuyenda pang'onopang'ono kuti aliyense amuone. Chimwemwe chimenecho n'chabwino, ndipo Mulungu sadana nacho. Ngati mungathe, muwagulire ana, ndipo muyambe ndi iwo musanadzigulire nokha. Chitenje chimodzi chabwino, telala wa pamsika akachisoka bwino, chimaveka mai ndi mwana wamkazi, n'kutsalako kansalu ka kumutu. Malaya a pa kaunjika ochapidwa ndi kusitidwa ndi makala amaoneka aulemu kuposa suti ya ngongole, makamaka kutentha kwa ku Salima mu Disembala, kumene ndaonapo abambo akutuluka thukuta m'jekete ngati akukoka chilimira. Koma chimene chimandiwawa ndi ichi: chaka chilichonse pamakhala ana, ngakhale akuluakulu, amene sabwera ku Misa ya Khirisimasi chifukwa alibe chovala chatsopano. Amabisala m'nyumba tsiku limene Mulungu anabadwira m'khola nakulungidwa m'nsalu wamba. Akatekisiti, lengezani Lamulungu likubwerali, momveka bwino, kuti pakhomo la tchalitchi sipadzakhala woyendera zovala. Ndipo inu amene ana anu akula n'kusiya zovala zabwinobwino m'sutikesi, mukudziwa khomo limene zingapite. Muzipereke usiku, mwakachetechete, kuti mwana wolandirayo asadzalozedwe chala ndi anzake.

Nyumba nayo imavala. Mwambo wa amai athu wozira nyumba ndi dothi lakuda, loyera ndi lofiira, n'kujambula maluwa pakhoma, ndi kusesa bwalo mpaka kumseu, ndi wokongola kuposa mapepala onyezimira a m'sitolo amene amathothoka mvula ikangowomba. Usathe mwambo umenewu. Ndipo pakona ya nyumba, kapena pakhonde, muikepo khola la Khirisimasi. Mwambo wa khola unayamba m'chaka cha 1223 m'mudzi wa Greccio ku Italy, pamene Francis Woyera wa ku Assisi anafuna kuona ndi maso ake umphawi umene Yesu anabadwiramo. Sanagule kanthu. Anaitanitsa chodyeramo ziweto, udzu, ng'ombe ndi bulu, ndipo anthu a m'mudzimo anabwera ndi miuni usiku, Misa nichitikira pomwepo. Ku Mua, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amisiri osema akhala akutionetsa Maria ndi Yosefe ali ndi nkhope zathu ndi zovala zathu. Ana anu angachite chimodzimodzi ndi dongo la kudambo, bango ndi udzu. Aloleni aumbe ng'ombe monga amaumbira masiku onse. Ngati afuna kuika kabwato pambali pa abusa, musawaletse. Ophunzira oyamba a Mwanayo anali asodzi. Bambo, khalani nawo pansi, muwadulire bango ndi mpeni wanu uja wokonzera ukonde. Ana ena a m'mbali mwa nyanja amadziwa dzanja la bambo ao pa zinthu ziwiri zokha, kupereka ndalama ndi kumenya.

Tsopano za alendo. M'buku la Genesis, mutu 18, Abrahamu anali atakhala pakhomo la hema wake dzuwa lili paliwombo, pamene anaona anthu atatu achilendo. Sanawafunse mtundu wao. Anawathamangira, anawapatsa madzi osambitsa mapazi, anauza Sara kuti aphike msanga, iye mwini nathamangira kukhola kukasankha mwanawang'ombe, ndipo iwo akudya iye anaimirira pambali kuwatumikira. Pambuyo pake zinadziwika kuti analandira Chauta. Mbiri ya Mbenji nayo inayamba ndi alendo amene analandiridwa. Ife a Malawi timanyadira kuti ndife anthu olandira alendo, koma tiyeni tinene zoona: pa Khirisimasi timaitana amene adzatiitanenso, kapena amene tikufuna kuti aone mipando yathu yatsopano. Ambuye Yesu, m'mutu 14 wa Luka, anatiuza kuti tiziitana amene sangathe kutibwezera.

Kodi iwo ndani kuno kwathu? Chilumba chikatsekedwa, si onse amene amakhala ndi ndalama yokwerera kwao. Pamadooko pamatsala alovi, anyamata ogwira ntchito m'mabwato a eni, ochokera ku Nkhata Bay, ku Likoma, ku Mangochi, amene malipiro ao anathera m'ngongole. Amagona m'makhonde a sitolo, ndipo tsiku la Khirisimasi malo okha amene amawalandira ndi kumowa. Inu eni mabwato amene muli Akatolika, mnyamata amene wakoka ukonde wanu miyezi 8 asadye Khirisimasi ali chiimire kuseri kwa bala. Muyambe mwamulipira zake zonse, chifukwa mbale ya mpunga siilowa m'malo mwa malipiro, kenaka mumuitane adzakhale pamphasa ndi ana anu. Palinso amai amene amuna ao anatsalira m'nyanja, ndi agogo amene akulera adzukulu okha. Mphakati uliwonse ukuwadziwa ndi maina. Musawatumizire chakudya m'kambale ngati kuti ndi odwala khate. Muwaitane adzadye nanu, kapena inu munyamule miphika mupite kwao.

Ndiponso ku Salima timakhala pakati pa abale athu Achisilamu, ndipo m'mabanja ambiri muli zipembedzo zonse ziwiri. Pa chikondwerero chao cha Idi amatitumizira mpunga ndi nyama. Makolo athu anapeza kale njira yabwino yobwezera ulemu umenewu: nkhuku kapena mbuzi ya Khirisimasi amaipereka kwa mnansi Wachisilamu kuti aichinje, kuti pasakhale wina wokhala manja lende nthawi ya chakudya. Chikhulupiriro chanu sichichepa ndi zimenezo. Ngati mwaphika nkhumba, ikhale ndi mphika wake ndi chipande chake, ndipo musamuseke mlendo kapena kumuyesa. Kulandira mlendo ndiko kuganizira chimene iye angadye, osati chimene inu mukufuna kuonetsa.

Chakudya chenicheni sichifuna zambiri. Mpunga wa kuno kwathu, nkhuku ya pakhomo, utaka umene bambo anasunga wothira tomato ndi anyezi, chisoso kapena bonongwe wotendera amene wamera ndi mvula yoyamba, thobwa lozizira m'mtsuko, ndi mango amene mwezi uno akungogwa okha. Botolo la zakumwa za m'sitolo kwa mwana aliyense, ngati ndalama ilipo. Mfumu Herode anali ndi zoposa pamenepa, koma sanagone tulo.

Koma ndani aphike? Apa ndipo ndikufuna abambo a ku Mbenji mundimvetsere, chifukwa chinsinsi chanu ndachidziwa. Kuchilumba kulibe akazi. Nanga nsima ya miyezi 8 amakuphikirani ndani? Ndani amatsuka miphika, ndani amachapa malaya? Ndinu nomwe. Ndamva kuti ena mwa inu mumaphika nsima yosalala kuposa ya alongo anu. Koma mukangoponda mchenga wa kumtunda, manja aja amaiwala zonse, ndipo mumakhala pampando kudikira madzi osamba. Tsiku la Khirisimasi mai amadzuka nkhuku zisanalire, amatunga madzi, amasenza nkhuni zonyowa, amaphonya Misa chifukwa cha miphika, ndipo amadya pomalizira, ataimirira, makoko a mpunga ndi khosi la nkhuku. Kodi chikondwerero chimenechi ndi cha banja, kapena ndi cha amuna chophikidwa ndi akazi? Werengani mutu womaliza wa Mthenga Wabwino wa Yohane. Ophunzira atagwira ntchito usiku wonse panyanja ya Tiberiasi, anapeza pamtunda moto wa makala uli kale, nsomba ili pamoto, ndi buledi. Anakoleza motowo ndi Ambuye ouka kwa akufa. Ngati Iye sanachite manyazi kuotcha nsomba, inu manyazi mwawatenga kuti? Chaka chino gwirani nkhuku ndinu, muikonze, muwaze nkhuni dzulo lake, anyamata atunge madzi, ndipo banja lonse lipite ku Misa limodzi. Mpunga ukachedwa ndi ola limodzi palibe amene adzafe.

Ndinene pang'ono za lamulo lija loletsa akazi kuchilumba, chifukwa anyamata ena amalimva molakwa. Ndi lamulo la eni malo, ndipo lili ndi mbiri yake. Koma Mkhristu asatengepo phunziro lakuti mkazi ndiye gwero la tsoka kapena la tchimo. Nsomba za ku Mbenji zikafika kumtunda, ambiri amene amazigula, kuzisamala ndi kuzifikitsa ku misika ya ku Lilongwe ndi amai. Ndipo chipulumutso chimene tikukondwerera chinalowa m'dziko kudzera mwa mkazi amene anavomera. Za nsembe zimene eni dera amapereka kwa makolo pa mwambo wa chilumba, ife tili ndi njira yathu yokumbukira akufa, ndiyo kuwapempherera mwa Khristu; koma ulemu umene anthu aja ali nawo, wakuti nyanja si yathu tokha, inali ya amene anatsogola ndipo idzakhala ya amene akubwera, umenewo tiusirire. Usiku wa Khirisimasi, musanadye, tchulani maina a akufa a m'banja mwanu, makamaka amene anamira, kuti ana awadziwe.

Za mowa ena akuyembekeza kuti nditemberera. Eklezia Katolika sanena kuti chakumwa pachokha ndi tchimo. Ku ukwati wa ku Kana Ambuye sanasandutse vinyo kukhala madzi. Koma ku Kana kunalibe mwana amene anagona ndi njala chifukwa cha vinyo ameneyo. Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati simungathe kutsogolera pemphero la madzulo, mwapyola. Ngati ana akuthawira kwa anansi akamva mau anu panjira, mwapyola kalekale. Musatume mwana kukagula kachasu, ndipo musamulawitse kuti anthu aseke. Amene mukudziwa mumtima mwanu kuti botolo limodzi limaitana khumi, sungani pakhomo lamulo lomwe lija munasunga kuchilumba, ndipo muuze mnzanu mmodzi wa mumphakati kuti akhale komiti yanu. Ndipo pasapezeke woledzera wolowa m'madzi kapena wopalasa bwato. Masiku a zikondwerero magombe a ku Senga Bay amadzaza ndi alendo a m'tauni amene saidziwa nyanja. Inu amene mumaidziwa, achenjezeni, ndipo muyang'anire ana.

Pali chinthu china chimene n'chovuta kuchitchula pa wailesi ana ali pomwepo, koma akulu mundimva. Kumene ndalama zafika zambiri nthawi imodzi, kumafikanso mayesero, ndipo m'madooko mwathu matenda a Edzi alowa m'mabanja ambiri kudzera pa khomo limeneli. Bambo amene mwakhala kutali, mphatso yoposa chitenje imene mungapatse akazi anu ndi kukhulupirika, ndipo ngati munaterereka, kulimba mtima kopita nawo kuchipatala kukayezetsa limodzi, ndi kubwera ku sakramenti la kulapa. Mankhwala otalikitsa moyo alipo m'zipatala zathu, ndipo amene akumwa asaleke chifukwa cha chikondwerero. Makolo, dziwani kumene ana anu aakazi ndi aamuna ali usiku wa pa 25 ndi wa pa 31 Disembala. Magule a usiku wonse amatha m'mawa, koma ena mwa atsikana athu sabwereranso kusukulu mu Januwale. Kuletsa kokha sikukwanira. Mwana amathawa pakhomo pamene palibe chosangalatsa. Konzani masewero a kubadwa kwa Yesu kutchalitchi, mpira masana, nyimbo ndi nthano madzulo pabwalo, agogo afotokoze momwe ankadyera Khirisimasi kale, bambo afotokoze za mwera umene unawapeza pakati pa nyanja ndi momwe anapulumukira. Ana amamvetsera nkhani zotere pakamwa pali yasa.

Pomaliza ndilankhule ndi inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ya m'mbali mwa nyanja. Chaka chonse mumadandaula kuti abambo saoneka kutchalitchi, ndipo m'kaundula mwanu muli mabanja ambiri amene ukwati wao sunadalitsidwe, ndi ana amene ubatizo wao ukudikira bambo. Mfumu yakubweretserani abambowo pakhomo kwa miyezi 4. Musadikire kuti abwere okha, chifukwa munthu amene wakhala nthawi yaitali osalowa m'tchalitchi amachita manyazi ndi chitseko. Pitani kumene akusokera maukonde pansi pa mtengo, mukhale nawo, mufunse za nyanja musanayambe za Mulungu. Misonkhano ya mphakati muiike madzulo, anthu ataweruka kumunda. Maphunziro a ukwati muwakonze kuti athe Lenti isanafike pakati, osati kuwatambasula mpaka Juni pamene mkwati adzakhala ali pa zirundu. Pa Lamulungu la Banja Loyera, limene limatsata Khirisimasi, muitane mabanja kuti akhale pamodzi pa benchi limodzi, bambo, mai ndi ana, ngakhale kwanu kuli chizolowezi chakuti amuna akhale mbali yao ndi akazi mbali yao.

Ndipo amene mukufuna kudalitsa ukwati wanu chilumba chisanatsegulidwe, kaonaneni ndi katekisiti wanu sabata lino lomwe, mutatenga makalata a ubatizo ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, popeza kulengeza m'tchalitchi kumatenga masabata atatu, ndipo amene anabatizidwira ku parishi yakutali kalata yao imachedwa kufika.